Chigawenga cha pa Benchi ya Tomato

Mu Ufumu wa Zatikwana munalibe zigawenga. Munali udzudzu, munali maenje m'misewu oti mbuzi ikagweramo mwini wake ankangoyamba kunola mpeni, munali nduna makumi anayi ndi ziwiri, koma chigawenga munalibe ngakhale chimodzi. Anthu ankadzuka, kulima, kukangana za mpira n'kukagona, osadziwa kuti dziko lawo likusowa kanthu.

Mmodzi mwa anthu osadziwawo anali Nangozo, mayi wamasiye wogulitsa tomato ndi anyezi pamsika wa Bwerezani, mumzinda waukulu wa ufumuwo. Benchi yake inali pakhomo penipeni pa depoti ya mabasi, malo amene aliyense pamsikapo ankawasirira. Inamudyetsa zaka makumi awiri ndi ziwiri, inaphunzitsa ana ake atatu, ndipo tsopano inkadyetsa adzukulu awiri amene mwana wake wamkazi anamusiyira. Munda analibe, ziweto analibe. Akati "chuma changa" ankanena matabwa amenewo ndi kadenga kake ka lata limodzi.

Poti benchiyo inali pakhomo, aliyense wotsika basi ankasungitsa katundu kwa iye. Chipatala cha Dikirani chili pamwamba pa chitunda, ndipo munthu wanzeru sakwera chitunda chimenecho ndi thumba la ufa pamutu ngati pali poti n'kulisiya. "Mayi, mundionereko kathumbaka," ankatero mlendo. Nangozo ankangoloza kunsi kwa benchi ndi mlomo, manja ali pa tomato. Madzulo mwini wake ankabwera, kutenga chake, kuthokoza n'kumapita. Ndi mmene anthu a ku Zatikwana ankakhalira kuyambira kale. Ngakhale wogulitsa akafuna kupita kuchimbudzi ankangouza wa pambali pake kuti amuonereko. Wa pambali pa Nangozo anali Nasibeko, wogulitsa bonya, mnzake wa zaka zonsezo, amene ankadya naye chinangwa m'mbale imodzi.

Nkhani yoti dziko likusowa kanthu inafika pabenchipo ndi bambo Zuze, mkulu wa ophika kunyumba yachifumu, amene ankagula tomato kwa Nangozo Lolemba lililonse. Bambo Zuze anali munthu wosunga chinsinsi. Zimene ankamva popereka chakudya ankauza anthu awiri okha, Nangozo ndi Nasibeko, ndipo msika wonse unkakhala utamva dzuwa lisanafike pamutu.

"Kunyumba sikuli bwino," anatero tsiku lina, akufinya tomato mmodzimmodzi. "Amfumu abwera kumsonkhano wa mafumu atatupa. Nkhuku abweza, mpunga abweza."

"Adwala?" anafunsa Nangozo.

"Achita manyazi, mayi. Kumsonkhanoko nkhani inali ya uchigawenga. Mfumu ya ku Kwayaka inaimirira n'kufotokoza kuti anthu ena anaphulitsa bomba pamsika wa kwawo, masanasana, anthu ali pikitipikiti. Munafa amayi, munafa ana, munafanso mlongo wake wa mfumuyo. Polankhula inalira, ndipo holo yonse inaimirira. Kenako anaitana athuwa kuti nawonso anene za kwawo."

"Ndiye anati chiyani?"

"Akanati chiyani? Anati kwathu kuli bata. Anthu anaomba m'manja pang'ono n'kutuluka kukamwa tiyi. Pachithunzi anawaika kumapeto, khutu limodzi silinaoneke n'komwe."

Nangozo anasiya kuunjika tomato. Mtima wake unatsalira pamsika wa ku Kwayaka uja, kwa amayi amene anadzuka m'mawa kukayala malonda ngati iye koma osabwerera kwa ana awo. Zinamupweteka kwenikweni, ndipo tsiku lonselo ankangoyang'ana anthu odutsa pakhomo la depoti n'kumawamvera chisoni popanda chifukwa. Amfumu Mwandiona Wachitatu nawonso nkhaniyo inawakhudza, koma mwa njira yawo. Chimene iwo anatolapo n'chakuti mfumu yokhala ndi zigawenga kwawo, holo imaiimirira.

Sabata yomweyo wailesi inalengeza kuti kwakhazikitsidwa Unduna Woona za Zoopsa Zomwe Sizinachitike. Nduna yake anali a Fulatira, amene kale anali Nduna ya Mvula mpaka chaka cha chilala. Bwalo lachifumu linakhala masiku atatu kuti limvetse mdani watsopanoyo, ndipo linaitana Pulofesa Kalembera, munthu yekhayo mu ufumuwo amene anali ndi buku la nkhaniyi. Zonse zimene zinakambidwa, bambo Zuze anafika nazo pabenchi Lolemba lotsatira.

"Tsiku loyamba linali la tanthauzo," anatero. "Pulofesa anawerenga bwinobwino. Akuti uchigawenga ndi kuvulaza kapena kuopseza anthu wamba osalakwa, n'cholinga choti ena onse achite mantha, iwe upeze zofuna zako."

"Ngati aja amagubuduza madengu athu tikachedwa kuchoka m'mbali mwa msewu?" anafunsa Nasibeko.

"Ndi zomwe inafunsa nduna ina, mayi. Ina inafunsa za njinga zamoto zoperekeza Amfumu, zija zimagwetsera anthu m'ngalande. Ina inatchula anyamata ovina pamisonkhano yachifumu, aja amayenda ndi zikwanje. Pofika masana tanthauzolo linali litagwira theka la bwalo, ndipo linkayandikira mpando waukulu. Ndiye a Fulatira anaimirira n'kuwonjezera mawu kumapeto kwake: kupatula ngati wochitayo wavala yunifolomu kapena ali pagalimoto ya boma. Apo mpamene onse anapuma n'kuitanitsa chakudya."

Tsiku lachiwiri linali la mbiri. Pulofesa anafotokoza za maiko akutali, kumene kuyambira kalekale magulu a anthu akhala akupha osalakwa, poyamba ndi mipeni, kenako ndi mabomba, ena m'dzina la ufulu, ena m'dzina la chipembedzo, ena m'dzina la mtundu wawo. Atafunsidwa za mbiri ya uchigawenga ku Zatikwana, anavula magalasi n'kunena kuti wafufuza m'mabuku onse ndipo wapeza kuphulika kuwiri: mgolo wa kachasu m'nthawi ya agogo awo a Amfumu, ndi tayala la basi pamlatho wa Tiwoloke. Bwalo linagamula kuti milandu iwiriyi itsegulidwenso.

Tsiku lachitatu linali la kapewedwe. Bukulo linali ndi mitu yambiri pankhaniyi. Wina unali woti achinyamata azipeza ntchito, wina woti anthu odandaula azimvedwa asanafike pokwiya, wina woti apolisi azikhala bwino ndi anthu kuti anthuwo aziwatsina khutu akaona zachilendo. Nduna zinaona kuti mitu imeneyi ndi yaitali, ndipo nthawi inali itatha. Zinasankha mutu wa tsamba limodzi, wokhala ndi chithunzi cha chikwama chosiyidwa pabwalo la ndege.

M'mawa mwake galimoto ya chimkuzamawu inazungulira msika wa Bwerezani katatu. "Lamulo la Mwini Dziko. Kuyambira lero, katundu aliyense amene mwini wake sali pambali pake ndi bomba, mpaka phulusa lake litatsimikiza kuti silinali bomba. Aliyense wosunga katundu wa munthu wina ndi mnzawo wa zigawenga." Kumbuyo kwa galimotoyo kunkaguba gulu latsopano, Asilikali a Tcheru, atavala zachikasu. Zida zawo zinali nsungwi zitatu zolumikiza ndi mphira, chingwe chofiira ndi chigubu cha parafini.

Anthu anaseka n'kupitiriza malonda. Nangozo anauza Nasibeko kuti malamulo a kuno amatha okha ngati chimfine, ndipo masana omwewo analandira mitolo isanu ndi inayi.

Mwezi unatha chigawenga osapezeka. Asilikali a Tcheru anatentha thumba la makala la mkulu wina amene anapatuka kukataya madzi, ndipo linayaka bwino kwambiri moti wailesi inati linali loopsa zedi. Koma thumba silingaimirire pamlandu, ndipo Amfumu anali ataitana kale mafumu anzawo kuti adzaone mmene Zatikwana akulimbanirana ndi mdani. A Fulatira anayamba kuonda.

Lachisanu lina, tsiku limene anthu ambiri amakaona odwala, Nangozo anangoona makasitomala akubalalika. Atadzutsa mutu anapeza chingwe chofiira chitazungulira benchi yake, asilikali ataima chapatali, mkulu wawo ali ndi chimkuzamawu pakamwa ngakhale panali poti akanatha kungolankhula.

"Mayi wa tomato, musagwedezeke. Kunsi kwa benchi yanu kuli chiyani?"

"Katundu wa anthu, bambo."

"Anthu ake ati?"

"Eni ake."

Nsungwi inabwera ikunjenjemera n'kugunda dengu lina lokutidwa ndi chitenje. M'dengumo munali tambala, ndipo tambalayo, posakondwa ndi kugundidwa, analira. Asilikali onse anadzigwetsa chafufumimba, mmodzi n'kudumphira m'bonya wa Nasibeko. Atadzuka n'kudzisasa fumbi anamanga Nangozo, n'kukokera mitolo yonse mulole ndi chingwe. Madzulo wailesi inalengeza kuti mtsogoleri wa zigawenga wagwidwa ndi mabomba khumi ndi asanu ndi awiri, limodzi lolira.

Eni katundu anayi oyamba kutsika kuchipatala anapita kukafunsa za mitolo yawo, ndipo anawatsekera ngati mamembala a gulu lake. Otsalawo atamva zimenezo anaona kuti ufa umapezeka, n'kukwera basi chimanjamanja.

Masiku atatu amene anakhala m'chitokosi, Nangozo sankaganiza za mlandu. Ankaganiza za benchi. Pa Bwerezani malo akakhala opanda munthu masiku awiri, lachitatu umapeza wina atayalapo kaunjika n'kumalumbira kuti anabadwira pomwepo. Mtima unakhala pansi Lamlungu, Nasibeko atabwera ndi chinangwa chophika n'kumunong'oneza pazenera: "Musadandaule, asisi. Ndayalapo bonya wanga. Aliyense wofunsa ndikumuuza kuti benchi ili ndi mwini wake, ndipo akubwera." Nangozo analira, ndipo sanachite nazo manyazi.

Mlandu unazengedwa Lolemba m'bwalo la nyumba yachifumu ya Musandiyandikire. Amfumu anakhala pampando wautali kumbuyo kwa matumba a mchenga, mutu wokha ukuoneka. Mafumu oitanidwa anakhala kumanja kwawo, ndipo pakati pawo panali mfumu ya ku Kwayaka ija, munthu wochepa thupi, wosalankhulalankhula. Mitolo anaiika pakati pa bwalo n'kuimasula ndi nsungwi. Munatuluka ufa, mbatata, zovala za khanda, fulasiki ya phala limene linali litasasa kale, ndi nsapato imodzi. Tambala sanaoneke, ndipo bambo Zuze, amene ankapereka madzi kwa alendo, sanayang'ane kumene kunali Nangozo.

A Fulatira anaimirira, mimba ili patsogolo, pakuti anali atayambanso kudya.

"Mayi, katunduyu eni ake mumawadziwa maina?"

"Ayi, bwana," anayankha Nangozo atagwada.

"Mumadziwa zimene zinali m'katimo?"

"Munthu sufunsa za m'thumba mwa mnzako, bwana. Kumeneko ndi kupanda mwambo."

"Mwamva, Mwini Dziko? Gulu lachinsinsi. Ngakhale mtsogoleri sadziwa maina a anthu ake. Buku la Pulofesa likunena zomwezo." Anatembenukiranso kwa Nangozo. "Mwakhala mukuchita zimenezi nthawi yaitali bwanji?"

"Zaka makumi awiri ndi ziwiri."

Bwalo linang'ung'udza. Amfumu anasuzumira kwa alendo awo kuti aone ngati amva bwino chiwerengerocho.

"Kodi ndingafunseko, bwana?" anatero Nangozo. "Ndamva kuti chigawenga chimaopseza anthu. Ine ndinaopseza ndani?"

"Asilikali khumi ndi awiri anagwa pansi ndi mantha pabenchi yanu. Mmodzi mpaka lero akununkha bonya. Tsono tiuzeni, kodi pali chimene mumafuna kuti boma lichite?"

Nangozo anaganiza kuti mwina apa mpamene akufunsa zenizeni. "Chimbudzi cha pamsika chinadzadza chaka chatha, bwana. Akanatikumbirako china."

"Ndi zimenezo," anatero a Fulatira, akutambasula manja. "Mantha alipo, zofuna zilipo. Tanthauzo lakwana."

Pulofesa Kalembera anakhosomola. Anali munthu wamantha, koma buku lake ankalilemekeza. Ananena motsitsa mawu kuti m'bukumo zigawenga zimapha kapena kuvulaza anthu, pamene mayiyu sanavulaze ngakhale tambala. A Fulatira anayankha kuti umenewo ndiwo umboni woti unduna wawo ukugwira ntchito, pakuti wagwira chigawenga chisanaganize n'komwe zochita uchigawenga. Nduna zinaomba m'manja, ndipo Pulofesa anatseka buku n'kulikhalira.

Apa mfumu ya ku Kwayaka inapempha kulankhula ndi woimbidwa mlandu. Sinagwiritse ntchito chimkuzamawu.

"Mayi, ngati maina simufunsa, mumadziwa bwanji kuti wobwera kudzatenga mtolo ndiye mwini wake?"

"Ndimayang'ana nkhope, mfumu. Munthu akamatula katundu ndimamuona. Wodwazika ndimamudziwa, wopita kumaliro ndimamudziwa, wothawa banja ndimamudziwa. Wakuba maso ake sakhala pamodzi. Woteroyo ndimamufunsa kumene akuchokera ndi kumene akupita, mpaka amanyamula yekha thumba lake n'kumapita. Zaka zonsezi sindinapatsepo munthu katundu wa mwini."

Mfumuyo inatembenukira kwa Amfumu Mwandiona. "Amene anasiya thumba pamsika wa kwathu anadutsa pakati pa anthu mazana," inatero, "ndipo palibe anamuyang'ana nkhope. Mwandiona mnzanga, mayiyu musamutaye."

A Fulatira anafotokozera bwalo kuti mlendo wolemekezeka watsimikiza kuti mayiyu ndi wofunika kumuyang'anitsitsa. Amfumu anakondwa, chifukwa mlendo anali atawatchula dzina pagulu, ndipo anaganiza zoonetsa kuti ku Zatikwana kuli zigawenga komanso chifundo. Anagamula kuti Nangozo abwerere kumsika ngati chigawenga cholapa, koma alumbire pamaso pa mafumu onse kuti sadzasunganso katundu wa munthu. Akadzapezeka ndi mtolo ngakhale umodzi kunsi kwa benchi, benchiyo idzalandidwa ndipo iye sadzapondanso pa Bwerezani.

Nangozo anaganiza za anthu a pachitunda cha Dikirani, kenako anaganiza za adzukulu ake awiri. Anakweza dzanja n'kulumbira. Anamujambula chithunzi ali pakati pa mafumu, Amfumu Mwandiona ali pambali pake, makutu onse awiri akuoneka.

Atabwerera anapeza benchi ili bwino, koma msika unali utasintha. Anthu anayi aja anali asanatulutsidwe, ndipo aliyense ankadziwa zimenezo. Amuna ankalowa m'chimbudzi ndi matumba a chimanga kumsana. Mkulu wina anakana kugwirira mkazi wake chikwama pamene mkaziyo ankamanga mwana kumbuyo, n'kunena kuti zaka khumi za ukwati si umboni. M'mabasi anthu ankakhala ndi mbuzi pamiyendo. Kumaliro amayi ankaima aliyense pafupi ndi beseni lake la ufa, ndipo wosiya lake kuti akalire ankalira akucheuka.

"Zigawenga zikamva, sizivutikanso kubwera," anatero Nasibeko sabata yoyamba. "Zidzati ntchito anatigwirira kale."

Sabata yachiwiri sananenenso zotero. Mlamu wake wogulitsa nzimbe anali atagwidwa chifukwa chogwirira kasitomala ambulera. Kuyambira pamenepo Nasibeko ankayamba wayang'ana kumene kwaima asilikali achikasu aja asanaseke.

Nangozo naye anaphunzira kukana. Anthu akumidzi amene sanamve za lamulo ankabwerabe ndi mitolo yawo, ndipo iye ankapukusa mutu maso ali pa anyezi. Chimene chinkamupweteka kwambiri n'chakuti anasiya kuyang'ana nkhope. Ukayang'ana munthu nkhope kumavuta kumukana, choncho ankayang'ana thumba. Tsiku lina anadzipeza akusuntha mpando chifukwa cha jumbo yakuda imene nkhalamba ina inatula pafupi naye kuti ipume, ndipo anadzida.

Lachitatu lina m'mawa, basi ya kumidzi inatsitsa mayi wachitsikana woyembekezera. Anali yekha. Anali ndi beseni lodzadza zitenje, thumba la ufa ndi kamtolo ka nkhuni, katundu amene aliyense wopita kukachira ku Dikirani amanyamula. Anayenda mapazi ochepa n'kuima, dzanja lili m'chiuno, mano ataluma mlomo. Anakodola anyamata a kabaza, koma iwo ataona thumba lomanga kukamwa anayamba kukonza matcheni a njinga zawo. Kenako anadzikoka mpaka pabenchi ya tomato.

"Mayi, matenda andiyamba m'basi. Mundionereko ufawu ndi nkhunizi, ndikwere ndi beseni lokha. Apongozi anga akubwera mawa, adzatenga."

Nangozo anayesa kuyang'ana thumba, koma maso anapita okha kunkhope. Anali mwana wamng'ono kuposa wake womaliza, thukuta lili kamukamu, ndipo zinkaonekeratu kuti ndi mimba yoyamba. Patsidya pa msewu achikasu awiri anali atatsamira nsungwi zawo.

"Sindingasunge, mwana wanga. Ndinalumbira pamaso pa mafumu."

Mtsikanayo sanatsutse. Anawerama kuti asenze thumba, ululu n'kumugwira ali chiweramire, n'kugwira mwendo wa benchi ndi manja onse awiri.

Nangozo anaganiza mofulumira, ndipo anaona ngati wapeza nzeru. Analumbira kuti sadzasunga. Sanalumbire kuti sadzanyamula, ndipo katundu amene mwini wake akuyenda pambali pake ndi katundu wabwinobwino ngakhale kwa a Fulatira. Anavula chitenje chapamwamba n'kuchipinda nkhata, anasenza thumba, nkhuni pamwamba pake, beseni m'khwapa, dzanja lina n'kugwira mtsikanayo.

"Asisi, mundionereko benchi," anatero kwa Nasibeko, monga ankanenera tsiku lililonse zaka makumi awiri ndi ziwiri. Sanadikire yankho, chifukwa mawu amenewo sankafuna yankho.

Chitunda anachikwera mopumira kasanu. Pachipata anamwino anati woyembekezera salowa popanda womudikirira, ndipo poti panalibe wina, Nangozo analemba dzina lake. Anakoleza moto, anaphika phala, anasisita msana wa mwana wa eni ake amene sankamudziwa n'komwe dzina. Dzuwa litapendeka kunabadwa mwana wamkazi wa tsitsi lambiri. Nangozo anamunyamula pang'ono, n'kutsika chitunda mtima uli mbee, akuganiza za mmene akamufotokozere Nasibeko.

Utsi anauona ali pakati pa chitunda. Anaganiza kuti ndi zinyalala.

Pakhomo la depoti panali chingwe chofiira, ndipo m'kati mwa chingwecho munali phulusa, lata lopindika ndi fungo la anyezi wopserera. Mkulu wa Asilikali a Tcheru anamulandira mwaulemu, pakuti ankadziwana. Anamufotokozera kuti cha m'ma leveni koloko anapeza katundu wopanda mwini pambali pake: benchi imodzi, madengu atatu ndi mpando. Potsatira malamulo anafunsa katatu pachimkuzamawu ngati pali amene akuyang'anira katunduyo. Msika wonse unali pomwepo, ndipo palibe anayankha. Anawonjezera kuti phulusa latsimikiza kuti silinali bomba, choncho mayi alibe mlandu, koma malowo tsopano ndi a chikumbutso cha kupambana, ndipo a Nduna adzaikapo mwala Loweruka.

Asilikali anabwerera patsidya pa msewu. Anthu amene Nangozo anawasungira katundu zaka zonsezo anali otanganidwa kwambiri, wina akupukuta sikelo, wina akusanja nsomba zosanja kale. Nasibeko yekha ndiye sanapeze chochita ndi manja ake.

"Anafunsa katatu, asisi," anatero. "Ndinamva katatu konse. Ndinatsegula pakamwa, koma ndinaona ana anga."

Nangozo anafunafuna mkwiyo mumtima mwake koma sanaupeze. Anapezamo kutopa ndi chisoni chachikulu, cha iye mwini ndi cha mnzakeyo. Kunja kwa chingwe kunali tomato angapo amene anagubuduka moto usanafike, ndipo anaganiza kuti adzukulu angadyeko madzulo amenewo. Nkhata ija inali idakali m'manja mwake. Anaitambasulira kwa Nasibeko osaganiza n'komwe.

"Mundigwirireko chitenjechi, nditole."

Dzanja la Nasibeko linanyamuka, linafika pakati n'kuima. Maso ake anapita patsidya pa msewu.

Nangozo anadikira pang'ono. Kenako anamanga chitenjecho m'chiuno n'kuwerama yekha.